Nkhondo Yolimbana ndi Chibayo Iyambire pa Mafuwa

Pa tsiku la sikelo, chipatala chirichonse cha kumudzi chimamveka chifuwa chokhachokha. Ana amatsokomola ali kumsana, amayi awo nawonso amatsokomola, ndipo pa benchi sipalephera kukhala agogo ena amene amabanika akangoyenda pang'ono. Anthu ambiri amati chifuwa chimadza ndi mphepo ya chiperoni, fumbi la m'chirimwe kapena kusamba madzi ozizira. Ndi ochepa okha amene amakayikira utsi umene umafuka pa mafuwa m'mawa, masana ndi madzulo, chaka chonse chathunthu. Chinthu chimene munthu adabadwa nacho, nakula nacho, sachiyesa mdani.

Komatu utsi umenewu ndi limodzi mwa magwero akulu a matenda a m'chifuwa m'midzi. Mwana wodwala chibayo akalandira mankhwala nachira, amabwerera ku khitchini yomwe ija imene idafooketsa mapapo ake. Dokotala angathe kupha tizirombo ta matenda, koma sangapite ku nyumba ya munthu kukaboola zenera. Ntchito imeneyo ndi ya eni nyumba, makamaka abambo, amene amamanga makhitchini ngakhale kuti saphikamo. Nchifukwa chake nkhondo yolimbana ndi chibayo iyenera kuyambira pa mafuwa.

KUKULA KWA VUTOLI

Kalembera wa anthu ndi nyumba wa m'chaka cha 2018 adaonetsa kuti mwa mabanja 10 alionse m'Malawi muno, oposa 9 amaphikira nkhuni kapena makala. Motero nkhani ya utsi ikhudza pafupifupi khomo lirilonse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni adamwalira pa dziko lapansi ndi matenda odza kaamba ka utsi wa m'nyumba. Chiwerengero chimenechi chiposa anthu onse amene adalembedwa m'Chigawo cha Kumpoto pa kalembera uja. Mwa omwalirawo, ana osakwana zaka 5 adali oposa 237,000.

Imfa zoterezi sizimveka ngati za ngozi ya basi kapena za kolera, pakuti zimachitika imodziimodzi, m'nyumba zotalikirana, ndipo pa maliro amangolengeza kuti malemu adadwala chifuwa. Utsi sutchulidwa konse.

M'UTSI MULI CHIANI?

Moto wa pa mafuwa supsereza nkhuni mokwanira. Zimene zatsala osapsa zimauluka ngati mwaye ndi mipweya yapoizoni. Fumbi lalikulu limakodwa mu ubweya wa m'mphuno ndi m'mamina, ndipo munthu amalitulutsa poyetsemula. Koma mu utsi muli tinthu tina ting'onoting'ono timene akatswiri amatitcha PM2.5, timene kuchepa kwake nkwakuti tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa kuposa ito pafupifupi ka 30. Tinthu timeneti timadutsa mphuno ndi m'mero, nkutsika mpaka m'timatumba ta mpweya ta m'mapapo, ndipo tina timalowa m'magazi.

M'njira zodutsa mpweya muli tiubweya tosaoneka ndi maso timene timasesa zoipa ndi tizirombo usana ndi usiku. Utsi umalefula tiubweya timeneti ndi kutupitsa njirazo. Chibayo chimayamba ndi tizirombo, koma tizirombo timapeza malo mosavuta m'mapapo amene afooka kale ndi utsi.

Amene akukayika ayang'ane tsindwi la khitchini imene yaphikidwamo kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Udzu ndi mitengo yake zimada bii, ndipo mwaye umalendewera ngati ndevu. Utsi umene udadetsa tsindwi limenelo ndi womwewo umene mayi ndi mwana wake akhala akupuma, iwo ali pafupi ndi moto kuposa tsindwilo.

AMENE AMAPWETEKEKA KWAMBIRI

Woyamba kupwetekeka ndi mwana wamng'ono. Iye amapuma mofulumira kuposa wamkulu, kotero kuti amakoka utsi wochuluka poyerekeza ndi msinkhu wake. Njira zake za mpweya ndi zazing'ono ndipo mapapo ake ali mkati mokula. Mwana wobelekedwa kumsana pamene mayi awerama kuti auzire moto kapena kuvundula nsima amakhala pakati penipeni pa utsi, ndipo alibe mau odandaulira.

Wachiwiri ndi mayi mwini. Mayi amene wakhala akuphika m'khitchini yotsekeka kwa zaka makumi atatu angathe kudwala matenda obanika okhalitsa ofanana ndi a munthu wosuta, ngakhale kuti sadagwirepo ndudu chibadwire. Matenda amenewa sachira. Achipatala amangochepetsa ululu wake. Utsi umaonjezeranso chiopsezo cha matenda a mtima, kufa kwa ziwalo, khansa ya m'mapapo ndi ng'ala ya m'maso. Kwa odwala mphumu, utsi umadzutsa matendawo. Mayi woyembekezera akamapuma utsi tsiku ndi tsiku angathe kubereka mwana wonyentchera, wosakwana makilogalamu 2.5, ndipo mwana wotere amagwidwa msanga ndi matenda.

ZIMENE ENA AMANENA

Alipo anthu amene amati, makolo adaphika chomwechi kuyambira kale ndipo adakalamba. Nzoona kuti ena adakalamba. Koma agogo ambiri akafunsidwa ana amene adabereka amatchulanso ena amene adawaika m'manda ali makanda, ndipo masiku amenewo padalibe woyeza chimene chidawapha. Kuonjezera apo, kale nkhuni zouma za m'thengo zidali zambiri. Lero mitengo idachepa, ndipo m'midzi yambiri amayi amasonkha moto ndi mapesi, zitsononkho, nthambi zaziwisi ndi timapepala ta pulasitiki, zimene zimafuka kwambiri.

Ena amati utsi umathamangitsa udzudzu. Utsi umatha moto ukazima, pamene udzudzu wofalitsa malungo umaluma makamaka usiku, anthu ali m'tulo. Chitetezo chenicheni ndicho kugona m'neti yonyikidwa m'mankhwala usiku ulionse. Kupereka mapapo a mwana posinthana ndi chitetezo cha maola awiri ndi malonda oluza.

Enanso amati utsi umateteza denga ku chiswe ndi mbeu ku anankafumbwe. Mau awa ali ndi nzeru zake. Koma khitchini imene iri ndi mpata pamwamba imadutsitsabe utsi m'denga ndi pa ngala zopachikidwa, utsiwo nkutuluka kunja m'malo mobwerera pansi pamene pali anthu. Mbeu ingathenso kusungidwa bwino m'matumba osalowa mpweya amene alangizi a zaulimi amalimbikitsa.

Dandaulo lalikulu koposa ndi la umphawi. Nzoona kuti njira yothetseratu utsi wa m'khitchini ndiyo kuphikira magetsi kapena gasi, ndipo mabanja ambiri a kumudzi sangakwanitse zimenezi lero kapena mawa. Oyendetsa chitukuko ali ndi udindo wofulumizitsa tsiku limenelo. Koma mwana amene ali kumsana chaka chino sangadikire mapolo a magetsi. Zambiri zimene zingachepetse utsi umene iye akupuma sizilira ndalama. Zimalira khasu, nkhwangwa ndi kugwirizana pa banja.

PHUNZIRO LA KU CHIKWAWA NDI KARONGA

Pakati pa 2013 ndi 2016, akatswiri a ku Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a m'dziko muno adachita kafukufuku wamkulu m'maboma a Chikwawa ndi Karonga. Iwo adatsatira ana 10,750 a m'mabanja 8,626. Theka la midziyo lidalandira mbaula zamakono zokhala ndi kachipangizo kopemerera moto, zimene zimafuka pang'ono kwambiri, pamene theka lina lidapitiriza kuphika pa mafuwa. Zotsatira zake, zimene zidasindikizidwa m'magazini ya madokotala ya The Lancet, zidadabwitsa anthu ambiri. Ana opsa ndi moto adachepa m'midzi ya mbaula zija, koma chibayo sichidachepe.

Munthu wofulumira kuweruza angati utsi ulibe mlandu. Kuganiza kotero nkulakwa. Mbaula zija zinkaonongeka kawirikawiri, mabanja ena ankabwerera ku mafuwa, ndipo ana ankapumabe utsi wochokera kwina, monga wa zinyalala zotenthedwa ndi wa fodya. Kafukufuku wina wa mtundu womwewu adachitika ku Guatemala, dziko la ku Central America kumene anthu a m'midzi amaphikiranso nkhuni. Kumeneko mabanja adamangiridwa mbaula zokhala ndi chumuni chotulutsira utsi kunja. Zotsatira zimene zidatuluka mu 2011 zidaonetsa kuti utsi wofika kwa ana udachepa ndi theka, ndipo chibayo choopsa chidachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Phunziro lake ndi lakuti chipangizo chimodzi pachokha sichipulumutsa mwana. Chofunika ndi kuchuluka kwa utsi wonse umene umafika pa mphuno yake kuyambira m'mawa mpaka usiku, kaya uchokere pa mafuwa, pa nyale, pa dzala kapena pa ndudu ya bambo ake. Njira zonsezi ziyenera kutsekedwa pamodzi.

UDINDO WA ABAMBO

Makhitchini ambiri a m'midzi amamangidwa aafupi, opanda zenera, okhala ndi kakhomo kamodzi kowerama polowa. Womanga ndi bambo, amene chakudya chimamupeza ali pabwalo. Bambo wotere akadalowa m'khitchinimo kwa mphindi khumi zokha pa nthawi ya mvula, nkhuni ziri zonyowa, akadatuluka misozi iri mbwe, ndipo tsiku lomwelo akadatenga chikwanje.

Khitchini yabwino imangidwe payokha, osati m'nyumba yogona. Pakati pa khoma ndi denga pasiyidwe mpata wokwana chikhatho kapena kuposa, kuzungulira khitchini yonse, pakuti utsi wotentha umakwera m'mwamba kufunafuna potulukira. Pa makoma awiri oyang'anizana pakhale mazenera, kuti mphepo ilowe kwina ndi kutulukira kwina. Khitchini yakale siyofunika kugwetsa. Kuchotsa njerwa zingapo pamwamba pa khoma ndi ntchito ya m'mawa umodzi. M'chirimwe, chisakasa chopanda makoma ndicho malo abwino koposa ophikira.

Nkhuni nazo ndi nkhani ya banja lonse. Nkhuni yaiwisi imafuka chifukwa moto umayamba kaye waphwetsa madzi ake usanayake bwino. Abambo ndi anyamata ayenera kuwaza nkhuni m'miyezi ya August, September ndi October, nkuzisanja pa thandala lofoleredwa, kuti m'dzinja mayi asaphikire zonyowa. Ndipo pa nthawi imene mayi ali pa moto, bambo amene wanyamula khanda lake nkukhala nalo pa khonde sadachepe ulemu. Wagwira ntchito imene katemera yekha sangagwire.

ZIMENE AMAYI ANGACHITE

Mwana asakhale m'khitchini pamene moto ukufuka. Ngati pakhomo pali agogo, azakhali kapena mwana wamkulu, khanda lisiyidwe kwa iwo mpaka moto utayaka bwino. Ngati palibe womusiyira, mayi aphikire panja, atakhala mbali imene mphepo ikuchokera. Mayi woyembekezera athandizidwe kuphika monga momwe amathandizidwira kutunga madzi.

Nthawi yokhala pa moto ingathe kufupikitsidwa. Nyemba zonyikidwa m'madzi usiku wonse zimapsa msanga kuposa zouma. Poto wovindikira amawira msanga kuposa wa pululu. Nkhuni zowaza zing'onozing'ono zimayaka bwino kuposa chipika. Kuphika kukatha, moto uzimitsidwe, usasiyidwe ukunyeka pang'onopang'ono. Mapepala a pulasitiki, mphira ndi nsapato zakutha zisagwiritsidwe ntchito poyatsira moto, pakuti utsi wake uli ndi poizoni woposa wa nkhuni.

M'chaka cha 2013 boma lidaika cholinga chakuti mbaula zamakono 2 miliyoni zifike m'makomo pofika 2020, ndipo yodziwika kwambiri mwa izo ndi Chitetezo Mbaula, youmbidwa ndi dothi ndi magulu a m'midzi momwemo. Mbaula imeneyi imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa, imatchinga moto kuti ana asapse, ndipo imanyamulika. Komabe simathetsa utsi. Phindu lake pa umoyo limakula ikanyamulidwa kupita panja kapena ikagwiritsidwa ntchito m'khitchini ya mazenera.

Koloboyi nayenso ndi gwero la mwaye. Mwana wa sukulu amene wawerengera koloboyi usiku amadzuka m'mphuno muli bii. M'chaka cha 2014 bungwe la WHO lidalangiza kuti parafini asamagwiritsidwe ntchito m'nyumba. Nyale za sola ndi matochi, zimene tsopano zimapezeka m'misika ya kumidzi, ziribe utsi ndipo sizitentha nyumba.

MBAULA YA MAKALA USIKU

Pali ngozi ina imene simadikira zaka. M'miyezi yozizira ya June ndi July, makamaka m'madera okwera monga Dedza, Ntchisi, Mzimba ndi Thyolo, mabanja ena amalowetsa mbaula ya makala m'chipinda chogona, nkutseka chitseko ndi mazenera. Makala amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe mtundu, ulibe fungo, ndipo sutsokomoletsa. Mpweyawu umakanirira m'magazi mwamphamvu yoposa ka 200 poyerekeza ndi mpweya wabwino umene thupi limafuna. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, kenaka amakomoka. Amene ali m'tulo sadzukanso. Banja lonse likapezeka litafa m'mawa popanda bala, anthu amathamangira kunena za ufiti, pamene wakupha ali chikhalire pakati pa chipinda, phulusa lake likadali lofunda.

Mbaula ya makala isagone m'nyumba ngakhale kuzizire chotani. Munthu akapezeka atafooka m'chipinda muli makala, chitseko chitsegulidwe msanga, wodwalayo atulutsidwe panja, ndipo atengeredwe kuchipatala ngakhale aoneke ngati watsitsimuka. Chimodzimodzinso mwana wongobadwa kumene asaotchedwe moto m'nyumba yotseka. Njira yabwino yomufunditsira ndiyo kumuika pachifuwa pa mayi wake, khungu ndi khungu, atavala chipewa, nkufunda onse awiri, monga anamwino amaphunzitsira.

UTSI WA PANJA NDI NKHANI YA MUDZI WONSE

Utsi sudziwa malire a khomo. Kuyambira August mpaka October, thambo la m'madera ambiri limachita chimbuuzi kaamba ka moto wa tchire woyatsidwa ndi osaka mbewa ndi ososa m'minda. Mapesi amene amatenthedwa ndi chakudya cha nthaka. Akakwiriridwa kapena kupangidwa manyowa, munda umapindula ndipo mpweya umakhala woyera. Zinyalala zoola zitayidwe m'dzenje m'malo motenthedwa pa dzala madzulo pamene ana akusewera. Uvuni wa njerwa umangidwe kutali ndi nyumba, sukulu ndi chipatala. Wosuta fodya asutire panja, kutali ndi ana ndi amayi oyembekezera, ndipo akasiyiratu wachita bwino koposa.

Pa zimenezi banja limodzi silingapambane lokha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mafumu ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi adaonetsa kale mphamvu zawo pa nkhani ya zimbudzi: atagwirizana kuti khomo lirilonse likhale ndi chimbudzi, midzi yambiri idasintha. Mphamvu yomweyo ingagwire ntchito pa utsi. Mlangizi wa zaumoyo akamayendera makomo kuona chimbudzi, bafa ndi thandala la mbale, aonenso ngati khitchini iri ndi potulukira utsi. Tsiku la 7 September, limene bungwe la United Nations lidalipatula kuyambira 2020 kukhala lokumbukira mpweya woyera, limafika pakati pa nyengo yotentha tchire, ndipo ndi nthawi yabwino yakuti mfumu iitanitse msonkhano pa nkhaniyi.

CHIPATALA CHIKHALEBE PAFUPI

Kuchepetsa utsi sikulowa m'malo mwa chithandizo cha kuchipatala. Ziwirizi zimayendera limodzi. Katemera woteteza ku chibayo adayamba kuperekedwa m'Malawi mu November 2011, ndipo mwana amalandira katatu: ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6 yoyamba kumalimbitsanso thupi la mwana.

Kholo lirilonse liyenera kudziwa zizindikiro za chibayo. Mwana akakhala phee, kupuma kwake kuwerengedwe kwa mphindi imodzi yathunthu. Wosakwana miyezi 2 akapuma ka 60 kapena kuposa, wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, ndi wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akapuma ka 40 kapena kuposa, ndiye kuti akupuma mothamanga ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati m'munsi mwa chifuwa mukulowa m'kati popuma, ngati akukana kuyamwa, akukomoka kapena wangolefuka, ulendowo usadikire kuti kuche. Wamkulu amene watsokomola kwa masabata awiri akayezetse makhololo, pakuti chingathe kukhala chifuwa chachikulu, chimene kuyeza ndi mankhwala ake nzaulere m'zipatala za boma.

Banja limene limayenda mtunda wautali kupita ndi mwana kuchipatala laonetsa kale kuti limakonda moyo wa mwanayo. Chikondi chomwecho chiyenera kuoneka pa khoma la khitchini, pa mulu wa nkhuni zouma ndi pa mbaula yozimitsidwa kunja usiku. Mvula isanagwe chaka chino, khitchini iriyonse m'mudzi ikhale itapatsidwa potulukira utsi.